Nambala ya m'mawa inkandinamiza

Amayi anga anadwala shuga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kumudzi kwathu kufupi ndi Katete. Zimene zinayamba kuwaululira kuti m'thupi simuli bwino ndi nyerere, zomwe zinkaunjikana pamene ataya madzi kuseri kwa nyumba. Kuti adziwe mmene shuga wawo alili, ankadzuka mbandakucha kamodzi pamwezi, osalawa kanthu, achimwene n'kuwakweza panjinga mpaka kuchipatala cha St Francis. Nambala imene ankawauza tsiku limenelo ndiyo inali nambala ya mwezi wonse. Masiku ena onsewo ankangoyendera mmene akumvera m'thupi.

Ine anandipeza nawo mu 2019, ndili ndi zaka 49, ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale muno mu Chipata. Madzi ndinkamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe, usiku kudzuka kanayi kapena kasanu, masiketi onse kukhwepa m'chiuno. Chimene chinandithamangitsira ku Chipata Central Hospital ndi maso: zimene ndalemba ndekha pabolodi zinkaoneka mbuu ndikaima kumbuyo kwa kalasi. Anandibaya chala, kamakina kanaonetsa 17.4, ndipo nditayezedwanso tsiku lina ndisanadye anandiyambitsa mapiritsi a metformin.

Kamakina kangakanga ndinagula mu 2021, nthawi ya korona, pamene aliyense ankaopa kukakhala pamzere kuchipatala, makamaka ife amene tinkauzidwa kuti nthendayo imatikonda. Sindinali ndekha. Kuyambira nthawi imeneyo ndaona timakinati tikufalikira ngati mafoni. Kutchalitchi kwathu, mwa ife odwala shuga amene timadziwana, ambiri tsopano ali nako m'chikwama. Ana athu a ku Lusaka ndi ku Kitwe amatitumizira ngati mphatso, ndipo m'masitolo a mankhwala m'tauni muno mumapezeka ta mitundumitundu, Accu-Chek, On Call Plus ndi tina. Ndinawerenga kuti makina oyamba oyezera shuga m'magazi, amene anatuluka cha mu 1970 ku America, ankalemera kupitirira kilogalamu imodzi ndipo anali a m'zipinda za madokotala basi. Kanga kamalowa m'kachikwama kamodzi ndi makiyi.

Mukafuna kugula, musayambe kufunsa mtengo wa kamakina. Funsani za masitiripu, timapepala tolandira magazi tija. Kamakina mumagula kamodzi, koma masitiripu ndiwo amadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo a mtundu wina salowa m'kamakina ka mtundu wina. Alamu anga anapita ku India kukachitidwa opaleshoni, pobwerako anagula kokongola kwambiri. Masitiripu amene anabwera nawo atatha, tinazungulira kuyambira ku Down Shops mpaka ku Shoprite, tinatumanso munthu ku Lilongwe, osawapeza. Lero kali m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Kamakina komweko kanatiopsezanso tsiku loyamba. Alamuwo atayeza amuna awo, anandiimbira foni mawu akunjenjemera: "Alamu, bwerani, shuga wa abambo ali pa 108!" Ndinakwera njinga yahayala mtima uli m'mwamba, n'kukawapeza odwalawo akusenda chimanga pakhonde, ali bwinobwino. Nkhani yake ndi yakuti kuno ku Zambia timawerenga shuga mu mmol/L, pamene ku India ndi ku America amawerenga mu mg/dL. Nambala yawoyo mukaigawa ndi 18 ndiye mupeza yathu. 108 ija inali 6.0, nambala yoti munthu n'kuvinira.

Koma chimene ndalembera nkhaniyi ndi zaka ziwiri zimene ndinadzipusitsa ndekha, kamakina kali m'manja.

Ndinkayeza m'mawa uliwonse ndikangodzuka, ndisanadye. Kunena zoona, si m'mawa uliwonse. Dzulo lake ndikakhala kuti ndinali ku ukwati kapena ndadya mitanda itatu ya nsima usiku, ndinkati lero tisunge masitiripu. Ndikakhala kuti ndinagonera masamba ndi kamtanda kamodzi, ndiye ndinkathamangira kubaya chala. Nambala zinkatuluka zosangalatsa, 6.4, 7.1, 6.8, ndipo ndinkazijambula n'kutumizira mwana wanga wachisamba pa WhatsApp, iye n'kuyankha ndi tizithunzi ta manja owomba. Kukatsala masiku atatu kuti ndipite kukiliniki ya shuga, ndinkasanduka woyera mtima: tiyi wopanda shuga, nsima ya mwana, kugona msanga. Ndikudziwa kuti si ine ndekha, chifukwa pabenchi podikira adokotala timaululirana.

Mu 2023 mapazi anayamba kuchita dzanzi usiku, nthawi zina kuyaka ngati ndaponda phulusa lamoto. Adokotala anati ndikayezetse HbA1c. Anandifotokozera kuti shuga akachuluka m'magazi amamatirira ku maselo ofiira, ndipo popeza maselo amenewa amakhala ndi moyo pafupifupi masiku 120, kuyeza kumeneku kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kusala kwa masiku atatu sikungakunamize. Kwa anthu ambiri odwala shuga amafuna kuti nambalayo ikhale cha pa 7 peresenti. Yanga inatuluka 8.7.

Ndinatulutsa foni kuwaonetsa zithunzi zanga zija, ngati mwana wa sukulu amene akutsutsa malikisi. Anaziyang'ana mofatsa, kenako anafunsa:

"Amayi, zonsezi ndi za nthawi yanji?"

"Za m'mawa, adokotala, ndisanadye."

"Nanga masana mukadya nsima, amafika pati?"

Ndinalibe yankho. Zaka ziwiri, zitini za masitiripu zosawerengeka, sindinayezepo ndi tsiku limodzi lomwe nditadya. Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti inu aphunzitsi, zili ngati kuyendera kalasi nthawi imene ahedi ali pakhomo, n'kulemba kuti ana a m'kalasi muno sachita phokoso.

Anandilembera pakapepala nambala zoti ndiziyang'ana: ndisanadye, pakati pa 4 ndi 7; patatha maola awiri chiyambireni kudya, osafika 10; ndipo ikatsika pansi pa 4 ndiye kuti shuga watsikitsa, ndichitepo kanthu nthawi yomweyo. Anatsindika kuti izi ndi za ine, pakuti okalamba kwambiri ndi amayi oyembekezera amapatsidwa nambala zina. Kenako anandiuza chinthu chimene ndinayamba ndachikana chifukwa ndinkaganiza kuti chindithera ndalama: kuyeza kawirikawiri pa chakudya chimodzi, ndisanadye ndi nditadya, koma masiku atatu okha pasabata. Lolemba pa kadzutsa, Lachitatu pa nkhomaliro, Loweruka pa chakudya chamadzulo. Nditawerengetsa ndinaona kuti ndi masitiripu 6 pasabata, ndiye chitini cha 50 chimatha masabata 8, pamene poyeza m'mawa uliwonse chimatha masabata 7. Ndalama zochepa, koma zodziwa zambiri.

Ndinatenga kope la ana asukulu n'kujambula mizere: tsiku, nthawi, nambala, chimene ndadya ndi kuchuluka kwake, ndiponso ngati ndayenda. Lachitatu loyamba ndinadya monga mwa masiku onse, mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera wa breakfast ndi nkhuku. Ndisanadye 6.9. Patatha maola awiri 14.6. Ndinaganiza kuti kamakina kapenga, ndinasamba m'manja n'kubayanso chala china: 14.1. Ndinakhala pampando kwa nthawi ndithu. Tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, magazi anga ankakhala choncho, ine ndikutumiza zithunzi za 6.4.

Aliyense mukamuuza kuti muli ndi shuga amati siyani ufa woyera, idyani roller kapena mgaiwa. Ndinasintha, ndipo ndimavomereza kuti mgaiwa ndi wabwino, uli ndi gaga ndipo umakhalitsa m'mimba. Koma nditadya mitanda itatu yomweyo ya mgaiwa, kope langa likuti 13.0. Kutsika kwake kunali kochepa kwambiri. Chimene chinasintha zinthu ndi chipande. Mtanda umodzi ndi theka, mbale n'kudzaza ndi nkhwani wotendera, nyemba kapena therere, kapenta pambali: 9.4. Nditabwereza mbale yomweyo tsiku lina, n'kuyenda wapansi mphindi 20 nditangodya m'malo mogona pamphasa, inali 8.2. Kuyendako ndinakuyesa kangapo chifukwa sindinkakhulupirira, ndipo nthawi zonse kunkatsitsa.

Thobwa ndiye anandikhumudwitsa. Ndinakulira thobwa, ndipo ndinkadziuza kuti ndi chakumwa chachikuda, si Fanta. Kapu imodzi yaikulu inandifikitsa pa 15.3. Ndi ufa ndi chimera, kuwonjezerapo shuga amene amathira ogulitsa, ndiye nanga n'kudabwa chiyani? Maheu a m'botolo chimodzimodzi. Mbatata yophika ndi tiyi m'mawa inakweza ndithu, koma nditachepetsa n'kuwonjezera dzira ndi mtedza wokazinga pang'ono inakhala bwino. Mango limodzi laling'ono nditadya chakudya silinandivute. Vuto n'lakuti mu Disembala, pansi pa mtengo, ndani amadya limodzi?

Nambala zimenezi ndi za thupi langa. Mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi mbatata siimuvuta kwenikweni koma mpunga umamukweza koopsa. N'chifukwa chake sindipatsa munthu ndandanda ya zakudya, ndimangomuuza kuti agule kope.

Nditabwerera kukiliniki ndi kope lija, kucheza kwathu kunasintha. Adokotala anatsegula masamba, anaona kuti ngakhale ndachepetsa nsima, nambala za madzulo zikadali pamwamba, ndipo anandiwonjezera mapiritsi a glibenclamide. Pondipatsa anandichenjeza kuti awa si ofanana ndi metformin: amakakamiza thupi kutulutsa insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye, choncho mukamwa musadumphe chakudya. Ndinamva, koma ndi khutu limodzi.

Patapita miyezi iwiri tinali ndi maliro a apongozi a mng'ono wanga kumudzi wina cha ku Chadiza. Tinachezera pasiwa usiku wonse tikuimba. M'mawa ndinamwa mapiritsi anga ndi madzi, ndikuti phala ndimwa likapsa, koma ntchito inachuluka, kenako mwambo unayamba. Mukudziwa mmene maliro amakhalira, wolankhula uyu akatha kubwera uyu, nsima ikudikira kuti anthu abwereko kumanda. Tili m'njira yopita kumandako, dzuwa lili paliwombo, ndinayamba kutuluka thukuta lozizira. Manja kunjenjemera, mtima kugunda ngati ng'oma, njala yoopsa, ndipo nyimbo imene ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana mawu ake anandisokonekera. Ndinakhala pansi pambali pa njira. Amayi achigwirizano anandizungulira, wina akuti ndi BP, wina akundikupiza ndi chitenje, wina wayamba kale kupemphera. Mng'ono wanga ndiye anakumbukira chikwama. Anandibaya chala: 3.1.

Mwamwayi panyumba ina yapafupi anali ndi shuga. Anasungunula masupuni ang'onoang'ono anayi m'madzi, ndinamwa, tinadikira mphindi 15, tinayezanso: 4.6. Kenako anandipatsa chimanga chophika kuti asatsikenso, chifukwa mapiritsi amenewa amagwira ntchito maola ambiri. Njira yake ndi yomweyo: shuga wa masupuni atatu kapena anayi, kapena theka la kapu ya Coca-Cola kapena Fanta wamba (osati uja wopanda shuga), kudikira mphindi 15, kuyezanso, ndipo ngati akadali pansi pa 4 kubwereza. Ngati kamakina kali kutali koma zizindikiro zilipo, mwani shugayo, musadikire. Koma munthu akakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Kuyambira tsiku limenelo masiwiti atatu sachoka m'chikwama mwanga, ndipo amayi a kutchalitchi onse ndinawauza pamene amakhala. Adokotala atamva anachepetsanso mlingo wa mapiritsiwo.

Kamakina nakonso kamanama mukakasamala molakwika. Tsiku lina ndinasenda mango kupatsa adzukulu, ine osadya, kenako ndinayeza n'kupeza 18. Kusamba m'manja ndi sopo, kupukuta bwino, kuyezanso: 7.5. Anali madzi a mango pachala. Masitiripu amaopa kutentha ndi chinyontho, ndipo pa zitini zambiri amalemba kuti asapitirire madigiri 30. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa, ndiye chitini musachisiye pawindo, m'galimoto kapena pafupi ndi mbaula, ndipo mukatulutsa kamodzi tsekani nthawi yomweyo. Ndinagulapo masitiripu ogulitsa kamodzikamodzi, omanga m'kapulasitiki ngati mchere, chifukwa ndalama ya chitini chonse inali isanakwane. Inali nthawi ya dzinja, ndipo nambala zake zinali zosamveka mutu. Sindinabwerezenso. Onaninso deti lothera ntchito musanapereke ndalama. Pobaya, bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, pamapweteka pang'ono kusiyana ndi pakati, ndipo muzisinthasintha zala. Musavutike mtima mukayeza kawiri motsatizana n'kupeza 8.0 ndi 8.7: timakinati timaloledwa kuphonya ndi pafupifupi 15 peresenti. Ine kamodzi pakanthawi ndimapita nako kukiliniki kuti tikayerekeze ndi kawo. Kabatire kake ndi kozungulira ngati ka wotchi, sungani kena kapadera.

Mukakhala ndi kamakina m'komboni, mwasanduka kiliniki. Aneba amabwera: "Amake mwana, tandiyezaniko, ndikumva kufooka." Sindikana, koma pali malamulo awiri. Loyamba, kasingano ndi kobayira kake ndi za munthu mmodzi. Magazi otsalira, ngakhale osaoneka, angathe kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B kapena HIV, choncho alendo ndimawabaya ndi tisingano totayiratu, kamodzi basi. Lachiwiri, ine sindiuza munthu kuti uli ndi shuga kapena ulibe, ndipo mapiritsi anga sindigawa. Amene wapezeka ndi 7 kapena kuposa asanadye, kapena 11.1 kupita m'mwamba nthawi ina iliyonse, ndimamuuza kuti mawa akayezetse kuchipatala. Mayi wina wogulitsa tomato ku Kapata anabwera akusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mofulumira, kamakina n'kungolemba HI, kutanthauza kuti shuga wapitirira pamene kamatha kuwerenga, pa timakina tambiri ndi kuposa 33. Ameneyo sitinadikire mawa, tinamukweza takisi usiku womwewo, ndipo anamugoneka.

Pali bambo wina amene anasiya mapiritsi ati chifukwa akumwa masamba a chammwamba ndi nimu, ndipo akumva bwino kwambiri. Sindinakangane nawo. Ndinangoti abambo, tiyeni tifunse chala. Chinayankha 16.8.

Zatsopano nazo zikubwera. Chaka chatha mwana wanga anapita ku Johannesburg pa ntchito ndipo anandibweretsera FreeStyle Libre, kachipangizo kozungulira ngati kandalama kachitsulo, kamene amamata kuseri kwa mkono. Kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu, kamakhala masiku 14, mumasamba nako, ndipo nambala mumaiona nthawi iliyonse popanda kubaya chala. Kamayeza madzi a pansi pa khungu osati magazi enieni, ndiye shuga akamakwera kapena kutsika mofulumira kamatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo. Chikakukayikitsani mumabayabe chala. Masiku 14 amenewo ndinaona zimene kope silikanandionetsa, makamaka za usiku: shuga wanga amayamba kukwera yekha mbandakucha ndisanalawe kanthu, zomwe adokotala anati zimachitika kwa ambiri chifukwa cha mahomoni amene amadzutsa thupi. Ndinakakonda, sindibisa. Koma ndalama ya kamodzi ingagule zitini zingapo za masitiripu, ndipo pakatha masabata awiri mumataya. Ine wa mapiritsi sindikuona chifukwa chovala chaka chonse. Amene ndimawafunira kachipangizoka ndi ana a shuga wa mtundu woyamba ndi onse obaya insulini kangapo patsiku, chifukwa iwo ndiye amafunika kuyeza pafupipafupi, tsiku ndi tsiku, ndipo njira yanga ya masiku atatu pasabata si yawo.

Chenjerani ndi mawotchi amene akutsatsidwa pamafoni, oti amayeza shuga pongovala pamkono. Mu Febuluwale 2024 bungwe loona za mankhwala ndi zakudya ku America, la FDA, linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kuboola khungu, pakuti linali lisanavomerezepo ngakhale imodzi. Mnzanga wa mbatata uja anagula ina. Tinaiyesa mu stafurumu: pamkono wake 5.6, pamkono wa mtsikana wophunzira uphunzitsi 5.7, pamkono wanga nditangodya 5.5, pamene chala changa chinkati 10.9. Munthu wobaya insulini atakhulupirira wotchi yotero akhoza kufa nayo ili pamkono.

HbA1c yanga yomaliza inali 7.3. Dzanzi la kumapazi silinatheretu, koma silinapitirire, ndipo usiku ndimagona. Kope loyamba linadzaza, ndili pa lachitatu. Masamba ena ali ndi nambala zochititsa manyazi, monga la tsiku la Kulamba ku Mkaika, pamene ndinalemba 13.8 ndi mawu akuti "thobwa, makapu awiri, ndinadziwa". Mwana wanga ndimamutumizirabe zithunzi, koma tsopano ndi za tsamba lonse la kope. Sabata yatha anaimba foni kufunsa kuti amayi, 12.4 ya Loweruka madzulo ija inachokera kuti. Ndinamuuza kuti awerenge mzere wotsatira, palembedwa kuti vitumbuwa vitatu.